Mitu ya Buddha ya ku Hadda: inaumbidwa ndi chiyani, nanga matupi ake anapita kuti?

Funso

Ndine mmisiri wa pulasitala, ndimagwira ntchito kuno ku London. Tsiku lina lopuma ndinakalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert, ndipo ndinaona mutu wa Buddha wosalala ngati wangoumbidwa dzulo. Analemba kuti ndi wa stucco, wochokera ku Hadda m'dziko la Afghanistan, ndipo watha zaka pafupifupi 1,600. Kodi stucco ameneyu ndi pulasitala yemwe timapaka ifeyu? Wakhala bwanji zaka zonsezi, pamene wathuyu nthawi zina amang'aluka mwini nyumba asanamalize n'kulipira komwe? Nanga bwanji pali mutu wokha, thupi lake lili kuti? China, nkhope yake ikuoneka ngati ya mzungu.

Yankho

Bambo, anthu ambiri akaima pamaso pa mutu umenewu amafunsa za chipembedzo. Inu mwafunsa za matope, ndipo mwagwira pomwe pagona nkhani, chifukwa mafunso anu atatu oyambawo ali ndi muzu umodzi. Amene anapanga mutuwo anali mnzanu wa ntchito: munthu woponda matope, womata khoma ndi kusalaza. Chiboliboli chake sichinkaima pachokha ngati chosema cha mwala. Chinamera pakhoma, ndipo zimene zinagwera khomalo zinachigweranso.

Tiyambe ndi liwu lakuti stucco, popeza limasokoneza ngakhale ophunzira. Azungu oyamba kufukula mabwinjawa ankalitchula pa zinthu zitatu zosiyana, bola chinthucho chikhale choumba chokhala ndi khungu loyera.

Choyamba ndi laimu, njereza yomwe ija. Amawotcha miyala yake pa moto wa madigiri pafupifupi 900, kenako n'kuithira madzi mpaka itaphwanyika n'kusanduka phala, ndipo phalalo amalisakaniza ndi mchenga kapena timiyala topera. Laimu sauma msanga. Amakoka mpweya pang'onopang'ono kwa miyezi ngakhale zaka, mpaka kubwerera ku mwala umene anachokera. Mitu yambiri ya ku Hadda ndi ku Taxila, ku Pakistan, ndi ya mtundu umenewu, ndipo ndi gawo limodzi la yankho la funso lanu la kulimba: chimene munaonacho, kunena zoona, chinasanduka mwala kalekale.

Chachiwiri ndi gypsum, ufa woyera umene achipatala amapangira chikhakha munthu akathyoka mkono. Uwu mukuudziwa kuposa ine, chifukwa pulasitala wa m'kati mwa nyumba za ku Britain ndi womwewo. Sufuna nkhuni zambiri, madigiri 150 okha akwana, ndipo ukauthira madzi umagwira m'mphindi zochepa. Kumene mitengo ndi yosowa, imeneyi si nkhani yaing'ono. Kumpoto kwa mtsinje wa Amu Darya, ku Uzbekistan ndi ku Tajikistan, amisiri amautcha ganch mpaka lero. Pa bwinja la Dalverzin Tepe, kummwera kwa Uzbekistan, anapeza ziboliboli zoumba ndi dongo m'kati, kunja n'kuzikuta ndi ganch. Vuto lake ndi limene mumalidziwa: amaopa madzi.

Chachitatu ndi dongo wamba losawotcha, losakaniza ndi udzu wodula, mapesi kapena ubweya wa ziweto kuti lisang'aluke pouma, pamwamba pake n'kupakapo kakhungu koyera kolandira utoto. Mukamapita kummawa, m'midzi ya m'mphepete mwa chipululu cha Taklamakan ku Xinjiang, pafupifupi zonse ndi zadongo, ngakhale mabuku akale amazitchabe stucco. Choncho chikwangwani cha m'nyumba yosungiramo zinthu zakale musamachikhulupirire kwathunthu. Nthawi zina mpaka atatapako kachidutswa n'kukapima m'pamene zimadziwika.

Nanga analekeranji miyala? Sikuti sankaidziwa. Dera la Gandhara, kuzungulira Peshawar ndi chigwa cha Swat ku Pakistan, linatchuka ndi ziboliboli zosema pa mwala wotuwa wa schist m'nthawi ya mafumu a Kushan, makamaka Kanishka amene anayamba kulamulira cha m'ma 127 AD. Koma mwala umafuna kuukumba, kuunyamula ndi kuusema kwa miyezi, ndipo ukalakwitsa walakwitsa basi. Kuyambira m'zaka za m'ma 200 mpaka m'ma 400, zoumba zinachuluka kwambiri. Chifukwa chake chikuoneka mukayang'ana mmene malo opembedzerawa ankakulira. Pakati pankakhala stupa yaikulu, chimulu chomanga chooneka ngati chulu, chopanda chipinda cholowamo, chosungiramo zotsala za Buddha kapena za munthu woyera, chimene anthu ankachizungulira popemphera. Ndiye wamalonda aliyense, mayi wachuma aliyense, mmonke aliyense wofuna madalitso ankalipira kuti amumangire stupa yake yaing'ono pambali, ndipo iliyonse inkafunika mizere ya tiziboliboli kuyambira pansi mpaka pamwamba. Jules Barthoux, Mfalansa amene anafukula ku Hadda kuyambira 1926 mpaka 1928, anapeza stupa zoposa 500 pamalo amodzimodziwo. Ntchito yochuluka chonchi wosema miyala sakanaikwanitsa. Hadda anali malo a alendo ambiri: amonke a ku China, Faxian cha m'ma 400 ndi Xuanzang cha m'ma 630, onse analemba kuti kumeneko kunkasungidwa fupa la mutu wa Buddha. Kumene kuli alendo kuli ndalama, ndipo kumene kuli ndalama mmisiri amafunafuna njira yachangu.

Kwina kunalibe n'komwe mwala wosemeka bwino. Thanthwe la ku Bamiyan, ku Afghanistan, ndi la ku Dunhuang, ku China, ndi timiyala ndi mchenga zongogwirana, ukamasema zimayoyoka.

Tsopano kapangidwe kake, pamene ndikufuna mumvetsere bwino. Mmisiri ankayamba ndi khoma lomwe laima kale, la miyala kapena la zidina. Ankakhomamo zikhomo zamtengo, kapena kuimika mtengo pakati n'kumangirirapo mitolo ya bango kapena udzu ndi zingwe, monga mmene timamangira phaso tisanamate nyumba. Pamenepo ankamatapo dothi lokhakhala, losakaniza ndi timiyala, kupanga thupi mwachisawawa. Likauma ankawonjezera lina losalalako, ndipo pomalizira ankapaka laimu kapena gypsum wabwino, mwina wochindikala ngati chala kapena kucheperapo, n'kujambulamo makwinya a mkanjo akadali wofewa. Kumbuyo kunalibe choti asalaze, poti kumbuyoko kunali khoma lenilenilo.

Mutu ankaupanga padera. Ankaupanga ndi zinthu zabwino koposa, nthawi zambiri laimu yekhayekha mpaka m'kati, ndipo ankaulumikiza ku thupi ndi chikhomo cholowa m'khosi. Nkhope zambiri ankazidinda ndi chikombole, kenako n'kukonza maso, milomo ndi tsitsi ndi kampeni zisanaume. Zikombole zimenezi zinapezeka ndithu: wofukula mabwinja Aurel Stein anazipeza ku Xinjiang, ku Khadalik pafupi ndi Khotan ndiponso ku Shorchuk pafupi ndi Karashahr, zina za nkhope, zina za tsitsi ndi zokongoletsa. Ndi chikombole chimodzi mmisiri ankatha kutulutsa nkhope makumi angapo, iyi n'kuiika ndevu, iyo nduwira, inayo chisoti. Ena amakhumudwa akamva zimenezi, ngati kuti luso latsika mtengo. Ine sindiona choncho. Tayang'anani mitu ya ku Hadda ya amonke okalamba, asilikali ndi ziwanda imene ili ku Musée Guimet ku Paris: pali nkhope zokwinyika, zolira, zonyoza, zimene dzanja linazigwira mwachangu laimu asanalimbe, ndipo zili ndi moyo umene zosema za mwala za ku Gandhara kawirikawiri zilibe. Chikombole chinkapereka poyambira chabe.

Njira yomweyi ankaitsata ngakhale pa zimphona. Ziboliboli ziwiri za ku Bamiyan, china chotalika mamita 55 china 38, za m'zaka za m'ma 500 ndi kuchiyambi kwa m'ma 600, thupi lokha ndi limene linasemedwa m'thanthwe. Khungu ndi zovala zinali dothi losakaniza ndi udzu. Pa chachikulucho, makwinya a mkanjo anawapanga pokhoma mizere ya zikhomo m'thanthwe, kumangapo zingwe, n'kumata pamwamba pa zingwezo. Pa zithunzi zojambulidwa a Taliban asanaziphulitse mu March 2001, mabowo a zikhomozo akuoneka ndondondo pamene dothi linagwa.

Mukamvetsa zimenezi, funso la matupi ladziyankha theka. Mukudziwa mmene bwinja la kumudzi limathera: denga likachoka, mvula ya zaka ziwiri kapena zitatu imasungunula makoma a zidina n'kuwabwezera kunthaka, ndipo chimene mumapeza polima ndi mapale ndi mafuwa. Ku Hadda zinalinso choncho. Amonke atachoka, madenga anagwa, mitengo ya m'kati inawola, thupi ladothi linasungunuka pamodzi ndi khoma. Mutu, wolimba ndi wolemera, unaguluka pachikhomo n'kugwera pansi, dothi la khoma lomwelo n'kuukwirira. Kukwiririkako ndi kumene kunaupulumutsa, pamodzi ndi kuuma kwa dzikolo. Pulasitala wanu amalimbana ndi chinyezi cha ku London ndi nyumba yogwedezeka tsiku lililonse. Mutu uwu wagona m'dothi louma, mumdima, osasuntha, kwa zaka zoposa 1,000.

Ku Jaulian, pa phiri lina la ku Taxila, kunachitika zodabwitsa. John Marshall, amene anafukula ku Taxila kuyambira 1913 mpaka 1934, anapeza kuti nyumba ya amonke ya pamenepo inapsa ndi moto. Motowo, m'malo mowononga ziboliboli zadongo za m'makoma, unaziwotcha ngati mbiya mu uvuni, ndipo zina zinatsala zathunthu, mutu ndi thupi lomwe. Iye ankati anawotcha ndi ankhondo a mtundu wa Huns m'zaka za m'ma 400, ngakhale akatswiri a masiku ano samangovomereza kuti chilichonse chowonongeka m'derali ndi ntchito ya anthu amenewa.

Theka lina la yankho ndi anthu, ndipo apa sindibisa. Matupi ambiri analipo ndithu pamene ofukula ankafika. Koma thupi lomatirira kukhoma sungalichotse osaliphwanya, pamene mutu umangouzula n'kuuika m'bokosi la udzu. Pangano la mu 1922 linapatsa Afalansa ufulu wofukula mu Afghanistan kwa zaka 30 ndi kugawana zopezekazo ndi boma la dzikolo, n'chifukwa chake za ku Hadda zina zinapita ku Kabul zina ku Paris, ndipo zochuluka mwa izo ndi mitu. Okumba mobisa ogulitsa kwa azungu ndiye analibe n'chisoni chomwe: wogula amafuna nkhope yoika pashelefu, safuna bondo. Mitu yambiri imene ili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America inadutsa m'manja mwa amalonda, ndipo khoma limene inachokera silidzadziwikanso. Kwa ife ofufuza ichi n'chopweteka kuposa kusweka, chifukwa mutu wopanda malo ake sungatiuze kuti unali wa ndani m'nkhani imene inali pakhomapo, kapena unapangidwa liti kwenikweni.

Nkhani ya ku Rawak imaonetsa vuto lonseli pamalo amodzi. Mu April 1901 Aurel Stein anafika pa stupa ina yokwiririka ndi mchenga m'chipululu kumpoto chakummawa kwa Khotan. Stupayo inali ndi mpanda, ndipo mpandawo, mkati ndi kunja komwe, unali ndi ziboliboli zadongo zoima mondondozana, zambiri zazikulu kuposa munthu. Anthu ake anafukula zokwana 91, ndipo chimenecho chinali chigawo chabe cha mpandawo. Koma mitengo ya m'kati mwake inali itawola kale ndi chinyezi cha pansi. Chimene chinkaziimika chinali mchenga womwewo umene ankauchotsa, moti zina zinkayamba kugwa akuona, mphepo ikawomba. Kunyamula sikukanatheka. Stein anazijambula zithunzi, anatenga tizidutswa tochepa, n'kulamula kuti azikwirirenso. Atabwerako mu 1906 anapeza ofuna chuma atafukula n'kuziphwanya, poganiza kuti mwabisika chuma. Lero zithunzi zakezo ndi zimene timaphunzirira.

Akatswiri a ku Afghanistan eni ake anayesa njira ina. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Shaibai Mostamindi, kenako Zemaryalai Tarzi, anafukula Tapa Shotor, kutanthauza phiri la ngamila, ku Hadda komweko. Iwo sanazule mitu. Anasiya zonse pamakoma pake n'kumangapo denga, kuti munthu aone Buddha ndi omuzungulira monga mmene mmisiri anawaikira. Inali nzeru yabwino koposa, ndipo ndimaiyamikirabe. Koma nkhondo inafika, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 malowo anali atabedwa ndi kuwotchedwa. Za ku Kabul nazonso sizinapulumuke: nyumba yosungiramo zinthu zakale ya kumeneko inaphulitsidwa ndi roketi mu 1993 n'kubedwa, ndipo mu 2001 a Taliban anaphwanya ndi nyundo zambiri zimene zinatsala. Ogwira ntchito pamenepo anasesa zidutswazo n'kuzisunga m'mabokosi. Za ku Hadda zokha zinaposa 7,000, ndipo patapita zaka akatswiri a ku Afghanistan ndi a ku yunivesite ya Chicago anayamba kuzilumikiza chimodzichimodzi. Ndiye mukandifunsa ngati kunali bwino kuti mutu munauonawo uchoke kwawo, ndilibe yankho losavuta. Kuchotsako kunawononga khoma, kusiyako nthawi zina kunawonongetsa zonse.

Pali pamene zinayenda bwino. Ku Ajina Tepe, m'chigwa cha Vakhsh ku Tajikistan, gulu la Boris Litvinsky linapeza m'zaka za m'ma 1960 Buddha wadongo wogona chammbali, wotalika pafupifupi mamita 13, wa m'zaka za m'ma 600 kapena 700. Anamulimbitsa ndi mankhwala, anamudula m'zigawo zambiri n'kupita naye ku Dushanbe, kumene anakhala m'mabokosi zaka zoposa 30. Anamulumikiza n'kumuonetsa kwa anthu mu 2001, chaka chomwecho chimene za ku Bamiyan zinaphulitsidwa.

Kuyera kwa mutu kuja nakonso kusakunamizeni. Ziboliboli zimenezi zinali zopaka utoto waphuliphuli: mkanjo wofiira, nsidze ndi maso zakuda, milomo yofiira, tsitsi nthawi zina lobiriwira ngati thambo ndi utoto wa mwala wa lapis lazuli wochokera ku migodi ya ku Badakhshan, ndipo nkhope ya Buddha kawirikawiri inkakutidwa ndi golide wopyapyala. Ku Mes Aynak, makilomita pafupifupi 40 kummwera chakummawa kwa Kabul, kumene anayamba kufukula mu 2009 pamwamba pa mgodi waukulu wa kopa, atulutsa nkhope zadongo golide wake akadali pomwepo. Khungu loyeralo linali ngati laimu amene mumapaka musanathire penti. Kuli anthu amene amakonda mitu yoyerayi chifukwa imaoneka yofatsa ndi yaulemu. Mwini wake akanaiona akanati ntchito sinathe.

Za nkhope ya chizungu ndiyankha mwachidule, chifukwa zimakokomezedwa. N'zoona kuti Alexander wa ku Makedoniya anafika m'derali cha m'ma 329 BC, ndipo Agiriki anatsala n'kumanga mizinda monga Ai Khanoum kumpoto kwa Afghanistan, kumene kunapezekanso ziboliboli zoumba ndi dongo ndi pulasitala. N'zoonanso kuti m'nthawi ya a Kushan malonda ndi Aroma anali otentha. Ku Begram, kumpoto kwa Kabul, m'zaka za m'ma 1930, Joseph Hackin ndi anzake anapeza m'zipinda zotsekedwa mbale za pulasitala zodindidwa zithunzi za milungu ya Agiriki, zinthu zopepuka zimene zikanatha kuyenda ndi amalonda n'kukhala zitsanzo za amisiri. Tsitsi lopotana ngati mafunde, mphuno yowongoka ndi makwinya a mkanjo zinadzera njira imeneyi. Ku Tapa Shotor kunali ngakhale Vajrapani, mlonda wa Buddha, woumbidwa ngati Herakles wa Agiriki, ndevu zake ndi chikopa cha mkango paphewa.

Koma werengani zaka. Kuchokera pa Alexander kufika pa mutu munauonawo padutsa zaka pafupifupi 700. Amene anauumba sanali Mgiriki wosochera. Anali mwana wa dera lomwelo, wogwiritsa ntchito kalembedwe ka nkhope kamene makolo ake anakatenga kalekale n'kukasandutsa kawo. Ndipo zimene zimapangitsa nkhopeyo kukhala ya Buddha zonse n'zochokera ku India: chotupa cha pamwamba pa mutu chotchedwa ushnisha, kadontho ka pakati pa nsidze kotchedwa urna, makutu otalika okumbutsa ndolo zolemera zimene anavula posiya ufumu, ndi zikope zogwa za munthu wosinkhasinkha. Dzina lakuti luso la Chigiriki ndi Chibuda, limene katswiri wa ku France Alfred Foucher analitchukitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, linathandiza kuti a ku Ulaya achite chidwi, koma linawachititsanso kuti azidziona okha pagalasi. Mukatsata msewu wa malonda kupita kummawa, ku Tumshuq, ku Kucha mpaka ku Dunhuang, nkhope zimanka zibulungira, maso akucheperachepera, pamene bango, dongo ndi chikombole zili zomwe zija.

Chenjezo limodzi, poti muli kumene kuli misika ya zinthu zakale: mukaona mutu woterewu ukugulitsidwa, dziwani kuti chinthu chopangidwa ndi chikombole n'chosavuta kuchipanganso lero, ndipo abodza ndi ambiri. Ukakhala weniweni koma wopanda mapepala oonetsa kumene unali chisanafike chaka cha 1970, pamene UNESCO inakhazikitsa pangano loletsa malonda a zinthu zakale zobedwa, mwachidziwikire unazulidwa pakhoma usiku.

Mukadzapitanso kukauona, musaime kutsogolo kokha ngati alendo ena. Pitani chammbali momwe galasi likulolerani. Yang'anani kumbuyo kwa mutu, muone ngati kuli kokhakhala kapena kophwatalala pamene unkakhudza khoma. Yang'anani pothyoka pa khosi, pamene mungaone kusiyana kwa matope a m'kati ndi khungu losalala la pamwamba. Yerekezani mbali ziwiri za nkhope, chifukwa mitu yambiri yotere siyofanana uku ndi uku: mmisiri ankadziwa mbali imene wopemphera adzaimire, ndipo ankapotoza nkhope pang'ono kuti ioneke bwino kuchokera kumeneko. Kenako fufuzani m'mphepete mwa milomo, m'zikope, m'kati mwa khutu ndi pamzere wa tsitsi, m'malo obisika amene dothi ndi burashi ya wotsuka sizinafikemo bwino. Utoto wofiira umakonda kutsalira mmenemo.